Dzanja Losoka Fodya

Ndinaphunzitsa sitandade 1 kwa zaka zoposa makumi awiri pa sukulu ina kufupi ndi kwa Dzoole, ndipo chimene ndinkanyadira kwambiri sichinali nyimbo kapena masamu ayi, chinali kagwiridwe ka pensulo. Mwana wodutsa m'kalasi mwanga ankadziwika mpaka ku sekondale: chala chachikulu ndi chamkombaphala kutsina pensulo, chapakati kuchirikiza pansi. Wogwira mwa njira ina ndinkamuwongola ndi rula, ndipo sindinkachedwa. Ndine wa mtima wapachala, zimenezo amuna anga angakuuzeni musanamalize n'kufunsa komwe.

Banja lathu ndi la ku mishoni. Agogo athu aamuna anali mkulu wa mpingo, bambo anali mphunzitsi, ndipo kwathu ngakhale amene sukulu inamukanika amalemba kalata yowerengeka bwinobwino. Ndiye mwana wa akulu anga, amene ankagwira ukalaliki ku Dowa pa boma, atabwera ndi nkhani yoti wapeza mbeta, mbetayo n'kukhala yokulira pa esiteti ya fodya cha ku malire a Ntchisi, m'nyumba munangoti zii. Mtsikanayo analibe chifukwa. Anamaliza folomu 4, ankasoka zovala pa boma pomwepo, ulemu wake wochita kugwada nawo. Koma akulu anga ankangoti, "Mwana wa matenanti," kenako n'kupukusa mutu. Ine sindinkanena mokweza, koma chamumtima ndinkapukusa nawo.

Mtsikanayo anali wamasiye. Amene anamulera ndi mayi ake aakulu, omwe anachoka ku Phalombe akadali mtsikana pamodzi ndi amuna awo kudzalima fodya wa eni ake, n'kukalambira konkuno. Amuna awo anamwalira, alongo awo kumudzi anatha onse, ndiye pa unkhoswe mbali ya kuchikazi anaimira okha. Ndinawaona koyamba tsiku limenelo, mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, manja atawabisa m'chitenje nthawi yonse imene tinakhala pamenepo.

Lamulungu lina mu Febuluwale, titangoweruka ku mapemphero, ndinawapeza atakhala pakhonde panga, masilipasi ali pambali atachita matope okhaokha. Anali atayenda maola awiri kuchokera ku esiteti. Titapatsana moni ndi kufunsana za mvula, anafika pa chimene anabwerera.

"Aphunzitsi, ndamva kuti ukwati wa ku tchalitchi kwanu, ankhoswe amalemba mayina awo m'buku."

"Amasaina, inde," ndinatero. "Koma musade nkhawa, amayi. Osatha kulemba amangodinda chala."

"Chalacho ndiye chandibweretsa."

Anandifotokozera kuti chaka china anapita kukalembetsa pa ofesi ina, ndipo kalaliki wa pamenepo anadinda chala chawo katatu, katatu konseko n'kumangotuluka banga lakuda lopanda mizere. Khungu la kunsonga linaperepeseka ndi ntchito ya fodya. Kalalikiyo anaitana mnzake kuti adzaone, awiriwo n'kuseka pamaso pa mzere wonse wa anthu.

"Za ine ndilibe nazo kanthu, ndinazolowera," anatero. "Koma mwana uja akulowa m'banja la anthu a mabuku. Sindifuna kuti pa tsiku lake anthu akaseke mayi ake, iye ataima pomwepo ndi velo. Ukwati ndi wa mu Ogasiti. Mundiphunzitse dzina langa lokha basi. Ndipo mwanayo musamuuze, angandiletse kuti ndisamavutike ndi mtunda."

Ndinavomera msangamsanga, ndipo ndinamvanso kukoma kuti mwa aphunzitsi onse a m'banja mwathu asankha ine. Mayina awo anali awiri, onse aafupi. Ndinawerengera kuti imeneyi ndi ntchito ya masabata atatu, anayi ikachuluka.

Tinayamba tsiku lomwelo, pakhonde pomwepo, ndi kope latsopano. Kuzindikira zilembo sikunavute. Ndikalemba chilembo n'kuchisakaniza ndi zina, iwo ankachiloza osaphonya, ndipo Lamulungu lachiwiri anali atadziwa kale kuti chikayamba ichi chotsatira ndi chiti. Nkhondo inali pa pensulo. Ndikawapatsa ankaifumbata ndi dzanja lonse, ine n'kuwafumbatula, n'kuyamba kukonza zala chimodzichimodzi monga ndinkachitira ndi ana a zaka zisanu ndi chimodzi. Chamkombaphala apa, chapakati apa, kenako n'kupinda chachikulu kuti chitsine. Ndikangosiya dzanja lawo, pensulo inkaterereka n'kugwa, kapena ankaikanikiza mpaka nsonga kuthyoka. Mapensulo atatu anatha ndi kusongola kokhakokha.

"Amayi, ili si khasu," ndinkatero. "Tafewetsani dzanja."

Iwo ankangoti, "Chabwino, aphunzitsi," thukuta lili kamukamu pamphumi ngakhale kunja kunali kwa mitambo. Ndinkamva ndithu kuti ndikapinda chala chachikulucho amakoka mpweya pakati pa mano. Ndinkati ndi manyazi a munthu wamkulu, kapena liuma chabe. Kufunsa sindinafunse, poti pa nkhani ya pensulo ine ndinali ndisanafunsepo munthu chilichonse.

Lamulungu lachisanu akulu anga anadutsira pakhomo panga akuchokera kokaona wodwala. Anatipeza tili pa nkhondo yathu ija, kope litadzaza mizere yokhotakhota ndi mabowo. Tsono ife a ku mishoni tili ndi kakhalidwe kathu koipa. Tikafuna kunena munthu ali pomwepo, timatembenukira ku Chizungu, n'kumaona ngati tatseka chitseko. Akulu anga anafunsa m'Chizungu kuti wophunzira wanga zikumuyendera bwanji, ine n'kuyankha m'Chizungu momwemo, ndi mawu amene ndinali nditawalemba pa malipoti a ana osawerengeka, akuti grasp. Ku koleji anatiphunzitsa kuti mawu amenewa amanena kugwira chinthu zolimba ndi dzanja, komanso amanena kuchigwira ndi mutu, kuchimvetsa. Ife aphunzitsi tinangotolapo za mutuzo. Mwana akalephera masamu timalemba mawuwa pa lipoti ndi inki yofiira, kholo n'kumangogwedeza mutu poti ndi Chizungu. Ndiye ndinauza akulu anga kuti mayiwa mutu wawo sugwira, tikungotaya nthawi, ndi bwino akauziretu mlembi wa mpingo kuti adzakonze inki yodindira chala.

Akulu anga anaseka pang'ono. Mayi aja anaika pensulo pansi, n'kutseka kope bwinobwino, n'kuimirira kumanga chitenje.

"Chizungu sindichimva, aphunzitsi," anatero. "Koma pa esiteti ndakhalapo zaka zambiri. Abwana akatembenukira ku Chizungu ine ndili pomwepo, ndimadziwa kuti nkhani ndi ine, ndipo si yabwino. Zikomo pa zonse mwandichitira."

Anatenga masilipasi awo n'kumapita. Kope lija analisiya pampando.

Lamulungu lotsatira sanabwere, linzakelonso sanabwere. Poyamba ndinapsa mtima ndi iwowo. Ndinauza amuna anga kuti anthu ena ndi osayamika, ine kutaya masana a Lamulungu asanu, mapensulo anga, kope langa, munthu n'kungonyamuka ngati ndamutukwana. Amuna anga anali akukonza tcheni cha njinga, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Kodi munawafunsapo chifukwa chake pensuloyo imagwa?"

Ndinawayankha kuti za kuphunzitsa azisiyira ophunzitsa, iwo aone za njinga yawo. Koma funso lija linandikhala pamtima sabata yonse. Ndikaona kope lija pawindo, manyazi ankandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi aja sanalakwe kumva. Ndinawanena ndithu, pakhonde panga, iwo atayenda maola awiri m'matope kudzakhala pansi pa ine.

Loweruka ndinaika kope m'chikwama n'kukwera kabaza. Munali mu Malichi, mapiri a ku Ntchisi ali biriwiri, msewu wa ku esiteti uli zithaphwi zokhazokha, moti malo ena ndinkatsika n'kumayenda wa kabaza akukankha njinga. Inali nyengo yosoka fodya. Ndinawapeza m'chigafa, chisakasa chachitali chofolera ndi udzu chimene amayanikamo fodya, atakhala pansi ndi amayi anzawo asanu, milu ya masamba aawisi ili pakati. Aliyense anali ndi singano yaitali yosula kuchokera ku sipoko ya njinga. Amaboola nayo tsinde la tsamba, masamba akadzaza singano n'kuwatsetserezera pa chingwe, kenako n'kukapachika pa mitengo kuti aume. Manja a onse anali bii ndi utomoni wa fodya.

Anandilonjera mwaulemu koma osamwetulira, n'kundiyalira thumba kuti ndikhalepo. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma atafika pakamwa anakana kutuluka. Mphunzitsi wa zaka makumi awiri kupepesa kumamuvuta, makamaka pali anthu asanu akumuyang'ana diresi ndi nsapato. M'malo mwake ndinati, "Ndipatseni singano ndithandize nawo."

Amayi aja anayang'anana. Wina anati, "Aphunzitsi, mudetsa manja a choko," onse n'kuseka. Koma singano anandipatsa.

Ndinaigwira monga ndimagwirira pensulo, zala zitatu, mwaudongo. Tsinde la fodya wamuwisi ndi loterera komanso lolimba kuposa mmene limaonekera. Tsamba loyamba linang'ambika. Lachiwiri singano inaphonya n'kundibaya pa chala, magazi n'kutuluka. Pamene ine ndinkalimbana ndi tsamba lachisanu, mayi aja anali atadzaza chingwe chathunthu. Ndinkadikira kuti tsopano agwira dzanja langa n'kuyamba kundikonza zala, ndipo ndinali nditakonzeka kupirira, poti ndinkadziwa kuti ndi malipiro anga. Iwo anangoyang'ana kamodzi n'kupitiriza ntchito yawo.

"Gwirani mmene dzanja lanu likufunira, aphunzitsi," anatero. "Bola tsamba lilowe."

Zinandipweteka kuposa singano ija. Ndinasiya kusoka n'kuyamba kuyang'ana dzanja lawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pa masabata asanu onse aja, ngakhale ndinkaligwira Lamulungu lililonse. Singano anaipanikiza pakati pa chamkombaphala ndi chapakati, n'kumaikankha ndi chikhatho. Chala chachikulu chinangoima pambali chili njo, osagwira ntchito iliyonse. Pansi pa utomoni wakuda uja panali chipsera chozungulira mfundo yake.

"Chalachi chinatani, amayi?"

"Jeke wodindira mabelo anachipana, kale ndithu, mwana uja akukwawa. Anandisoka ku chipatala cha Mtengowanthenga, bala linapola bwino. Koma kupinda chinasiya."

"Nanga ine pochipinda muja?"

"Chinkawawa."

"Osanena bwanji?"

Apa anasiya kusoka n'kundiyang'ana. "Ine ndinabwera kudzapempha. Ndikanayamba kukuuzani kaphunzitsidwe kanu, pakhonde panu pomwe?"

Ndinapepesa pomwepo, anthu asanu aja akumva. Ndinati ndinalakwa kuwapinda chala, ndinalakwa kusafunsa, ndipo choipitsitsa ndinalakwa kuwanena m'Chizungu. Ndinawauzanso m'Chichewa zimene ndinanena tsiku lija, mawu ake enieni, kuti ndinati mutu wawo sugwira. Ndinaona kuti ngati ndikupepesa, adziwe chimene akukhululukacho.

Mayi aja anakankhira masamba pambali. Anasesa pansi ndi phazi, kuchotsa zinyenyeswa za fodya, n'kutenga singano ija mmene amaigwirira posoka. Pa dothi lonyowa la m'chigafamo analemba dzina lawo, mayina onse awiri, zilembo zikuluzikulu, osaima kuti aganize. Chilembo chimodzi chokha chinayang'ana kumene sichiyenera kuyang'ana.

"Dzinalo ife tatopa nalo," anatero mmodzi wa amayi aja. "Akangopuma pang'ono ndi lomwelo. Pansi ponse pano alembapo, mpaka kuseri kwa bafa. Tonse tikulidziwa tsopano, mwina pa ukwatipo tikasaina ndife."

Chigafa chonse chinaseka, inenso ndinaseka, koma misozi ili m'maso. Ndinatulutsa kope lija ndi bolopeni yanga yochongera n'kuwapatsa, pakamwa nditatseka. Anapukuta manja pa chitenje, n'kulowetsa bolopeni pakati pa zala ziwiri zija, n'kuika kope pa bondo. Pa pepala zinavutirapo kuposa pa dothi, poti mizere ndi yopanikizana ndipo bolopeni imathamanga. Koma dzina linatuluka, ndipo linali lowerengeka.

Lamulungu lotsatira ndinawapeza pakhonde panga. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yochepa: kuchepetsa zilembo kuti zikwane pa mzere, ndi kutembenuza chilembo chamakani chija, chimene chinatitengera mpaka mu Juni. Kagwiridwe kawo kankandiyabwa m'maso, sindinama. Nthawi zina dzanja langa linkanyamuka lokha kuti likakonze, ndiye ndinayamba kumalikhalira. Iwo ankaona n'kumaseka. "Likhalireni ndithu, asewere, lingandilume." Ndi iwo amene anayamba kunditchula choncho, monga amatchulirana makolo a mwamuna ndi a mkazi, inenso n'kusiya kuwatchula kuti amayi. Tikamaliza tinkakazinga chimanga n'kumacheza, ndipo ndinamva zambiri za ku Phalombe, za nandolo wa kwawo amene ankati wa kuno safikako, ndi za mng'ono wawo amene anawasiyira mwana uja. Ku sukulu nako rula yanga inayamba kugwira ntchito yake yojambulira mizere.

Ukwati unachitika Loweruka lina mu Ogasiti, kunja kuli mphepo ndi fumbi. Tchalitchi chinadzaza mbali ya kuchimuna, masuti ndi zipewa. Mbali ya kuchikazi kunali mabenchi atatu okha, anthu a pa esiteti amene anabwera pa lole, amayi asanu a m'chigafa aja ali pa benchi yakutsogolo atavala chitenje chofanana. Malumbiro atatha, abusa anaitana akwati ndi ankhoswe ku tebulo la kutsogolo kumene kunali buku la maukwati, kwaya n'kuyamba nyimbo yoti anthu asatope podikira.

Mkwati anasaina, mkwatibwi anasaina, nkhoswe ya kuchimuna inasaina ndi siginecha yake yopotanapotana ya ku ofesi. Kenako inafika nthawi ya asewere. Mlembi wa mpingo, bambo wachikulire wofatsa amene ndinakula ndikumuona, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi ka inki, n'kukatsegula, n'kukasendeza pang'onopang'ono kufupi ndi dzanja lawo. Anachita mwaulemu, mobisa ndithu, kuti anthu asaone. Ine ndinadziwa kumene kabokosi kameneko kanachokera. Akulu anga anakapereka uthenga wanga uja mu Malichi momwe, ndipo ine ndinaiwala kukaubweza. Mkwatibwi anaona inkiyo n'kugwetsa nkhope pansi pa velo.

Ndinayamba kudzuka pa benchi, koma amuna anga anandigwira chitenje. Asewere anakankhira kabokosi kaja pambali ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndibwerekeni cholembera, abambo."

Mlembi anayang'ana abusa, abusa n'kugwedeza mutu. Mlembiyo anawapatsa bolopeni. Anailowetsa pakati pa zala ziwiri zija, chachikulu chitaima pambali, n'kuwerama. Kumbuyo kwanga wina ananong'oneza kuti taonani kagwiridwe, ine n'kutembenuka ndi diso limene ana a sitandade 1 ankalidziwa bwino, ndipo sanapitirize. Kwaya inamaliza nyimbo, asewere akadali pa dzina loyamba. Woimbitsa anasuzumira kutsogolo n'kuiyambanso. Mkwatibwi anali atadzutsa nkhope tsopano, atakweza velo ndi dzanja limodzi kuti aone bwino, pakamwa pali yasa. Akulu anga, amene anakhala pambali panga, anandigwira mkono mwamphamvu. Ine ndinkawerenga zilembo chamumtima malinga ndi kuyenda kwa chigongono cha asewere, ndipo atafika pa chilembo chamakani chija ndinasiya kupuma mpaka anachidutsa.

Atamaliza sanabwerere pa mpando. Anatembenuza buku lija kuti liyang'ane kwa mlembi. Nyimbo inali itangotha kachiwiri, moti mawu awo anamveka mpaka pakati pa tchalitchi.

"Tawerengani, abambo. Mwina ndalakwitsa."

Mlembi anakonza magalasi ake n'kuwerama. Anawerenga dzina loyamba, kenako lachiwiri, mokweza ndi momveka monga amawerengera mayina a anthu olowa mu mpingo.

"Ndi ineyo," anatero asewere, n'kubweza bolopeni kwa mwini wake.